Kathumba Kamkati ka Atelala

Atelala sankatulutsa chovala m'shopu mwawo chopanda kathumba kamkati. Kaya ndi buluku, kaya diresi la ukwati, kaya yunifolomu ya mwana wasukulu, penapake mkati munkapezeka kathumba komwe mwiniwake sanapemphe. Mayi wina anabwerera kudzadandaula kuti kamalaya ka khanda lake kali ndi thumba.

"Ndiye aziikamo chiyani, atelala?"

"Akula, mayi. Mavuto sayang'ana msinkhu."

Alamu awo, omwe kale ankayendetsa basi ya m'tauni, ankakhala pabenchi ya pakhomo m'mawa uliwonse, nyuzipepala yadzana ili pamwendo. Anali munthu wa mawu ochepa. Mlongo wawo, mkazi wa atelala, anamwalira kalekale, koma iwo benchiyo sanaisiye, ndipo atelala sanawafunsepo kuti akudikira chiyani.

Atelala anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, yemwe mutu wake unkagwira kwambiri. Atapeza malo ku yunivesite ya kunja pamodzi ndi thandizo la maphunziro, bambo ake anauza msewu wonse. Aliyense wobwera kudzayezetsa ankaimva nkhaniyo tepi ili m'chiuno.

"Zonse n'zolipiridwa. Iye kwake n'kukwera ndege basi."

"Si zonse, ababa," ankatero mtsikanayo. "Akulipira fizi ndi ndege. Yachakudya ndi yochepa, ndipo chipinda ndizikalipira ndekha."

"Sukulu yanji yoitana mwana wa eni osamukonzera pogona? Akakakuona achita manyazi."

Komabe manyazi a anthu osawadziwa sanawadalire kwenikweni. Atamva kuti kumeneko kumazizira mpaka madzi kuuma gwa, anasoka chikhoti: kunja nsalu yokhuthala, mkati bulangete lathunthu. Mtsikanayo atachiyesa ankaoneka ngati kabati yoyenda. Kenako anatenga ndalama zimene anasunga kwa zaka zambiri n'kupita nazo kubanki kukasinthitsa zakutha ndi zatsopano, kuti anthu akunja asamanene kuti kwathu ndalama n'zalitsiro. Anazisita ndi simbi, n'kuzisokerera m'kathumba mkati mwa mkono wakumanzere wa chikhoticho. Alamu ndi amene anagwirizira mkonowo, ndipo nawonso anaona kuti ndi nzeru. Basi yawo ija sinadutsepo malire a dziko.

"Zikakakuvuta, ukafunse chikhotichi," anatero atelala potsanzikana.

Zinavutadi chisanu chitangoyamba. Mtsikanayo anaimba foni, koma anaimbira amalume ake, osati bambo ake. Ndalama yachakudya inali itachedwa, ndipo ku ofesi ankangomuuza kuti adikire. Ntchito yotsuka mbale anaipeza, koma wophunzira wochokera kunja amamuwerengera maola ogwira ntchito, moti zimene ankalandira zinkathera pa buledi ndi basi. Mwini nyumba ankafuna lendi.

"Chikhoti chija ndachifunsa, amalume."

"Chati bwanji?"

"Ndazipeza. Koma kuno ndalama zakwathu sazidziwa. Ndazungulira konse kosinthitsa ndalama. Bambo wina anazitembenuzatembenuza, n'kunena kuti n'zokongola, n'kundibwezera." Anaseka pang'ono, koma kusekako kunathera panjira. "Mwezi ukatha ndisanalipire anditulutsa, ndipo kuno munthu sangagone panja. Ndingosiya sukulu ndibwereko. Koma ababa musawauze za ndalamazo, angafe ndi manyazi."

Alamu anaisunga nkhaniyo masiku angapo. Anali katswiri wosunga nkhani, koma iyi inkawalemera ngati chikhoti chomwecho.

"Alamu," anatero atelala m'mawa wina osadzutsa mutu, "tiyi ameneyo ndinaiwala kuthira shuga, ndipo mwamwa yense osadandaula. Kwagwanji?"

Alamu anafotokoza zonse, ngakhale zimene anauzidwa kuti asanene. Phazi la atelala linaima pamakina.

"Zatsopano zija? Zosita zija?"

"Akuti n'zokongola."

"Ndiye azitumize kuno tikasinthe bwinobwino."

"Zikamadzafika, mwana ali pamsewu."

Atelala anapukusa mutu. "Ndalama zanga zakwera ndege, ine mwini wake sindinaikwerepo."

"Zapita kokaona dziko."

"Inunso munagwirizira mkono, musaiwale."

"Sindinakane."

Anaseka onse awiri, mwachidule. Kenako atelala anayamba kuyang'ana makina awo, ndipo alamu anadziwa tanthauzo la kuyang'ana kumeneko, chifukwa ndi mmene iwo anayang'anira chiwongolero tsiku limene anapuma ntchito. Makinawo anagulidwa atelala asanakwatire. Utoto unali utasupuka pamene dzanja linkagwira, koma msoko wake unali wowongoka kuposa wa makina amagetsi, ndipo telala wina wachinyamata wa kumapeto kwa msewu ankawanyengerera chaka ndi chaka kuti amugulitse.

"Muzidya chiyani?" anafunsa alamu.

"Maso anatha kale. Ulusi pasingano mumandilowetsera ndinu, mukuyesa makasitomala saona? Ndizigulitsa mabatani ndi zipi."

"Mwanayo akamva akwiya."

"Akwiyire m'chipinda chofunda."

Zinayendadi choncho. Mtsikanayo anakwiya, analipira lendi, ndipo ndalama yachakudya itayamba kubwera anapirira mpaka anamaliza maphunziro. Chikhoticho anzake ankachiseka m'kalasi, koma kukazizira kwambiri ankachita kuchibwereka. Atelala anakhala kuseri kwa mabotolo a mabatani zaka zawo zotsalazo, akudzudzula misoko ya anthu odutsa, ndipo sanasokenso.

Koma alamu akamawakumbukira, amakumbukira m'mawa umene makinawo anachoka. Wogulayo, telala wachinyamata uja, anabwera ndi wilibala n'kulipira pomwepo. Mtsikana uja anali atafotokozera amalume ake mmene angatumizire ndalama kubanki kuti zikafike zitasanduka zakumeneko, choncho ntchito yonyamula inagwera iwo. Anazipinda n'kuziika m'thumba lakumbuyo la buluku.

"Mwaika kuti?" anafunsa atelala. "Tavulani jekete."

"Banki ili pangodya pomwepa."

"M'basi mwanu muja anthu ankaberedwa mtunda wautali bwanji?"

Alamu anavula. Inali jekete yogula m'sitolo, ndipo atelala ataitembenuza anaiyang'ana ngati munthu amene wapeza mlamu wake akudya kwa adani.

"Zaka zonsezi pabenchi panga, mukuvala chinthu chopanda mkati."

"Madala, wilibalayi ndi yobwereka," anatero wogula uja.

"Dikira, mphwanga. Sunanyamule."

Anasankha kachidutswa ka nsalu m'katoni ya zotsalira, n'kukadula ndi diso lokha. Alamu anawerama n'kulowetsa ulusi pasingano monga mwa masiku onse. Phazi linaponda, makina analira pang'ono chabe, mbali zitatu za kathumba, n'kubwereza pakona kuti pasadzang'ambike. Atelala anadula ulusi ndi mano, anaika ndalamazo mkati, anawaveka alamu jeketeyo n'kuwamangira mabatani onse mpaka pakhosi ngati mwana wopita kusukulu.

"Musanapereke, mukafunse kawiri ngati zikafike zili zakumeneko."

"Ndikafunsa."

Atelala anapukuta makinawo ndi chikhatho, anachotsa kaulusi kamene kanatsalira pasingano, n'kudzuka pampando.

"Nyamula tsopano. Ugwire pansi, osati pagudumu."