Makina Anu Alemba, Achimwene

Achimwene, chatha chaka chitisiyireni, koma lero ndabwera ndi nkhani yoti mukanavina nayo. Makina osemera matabwa aja munabwera nawo kuchokera ku Joni mutawakulunga m'bulangete, ayamba kumvera kompyuta. Bokosi lodula loyendetsera makinawo lija anthu ankatiuza kuti tiitanitse kunja sindinagule ayi. Ndawalumikiza ndi kabolodi kamagetsi kotchipa, chingwe cha pulinta yakufa ndi laputopu yanu yong'aluka galasi ija.

Ndikukumbukira Loweruka lija mu shedi yathu pa Kandeu, titalimbana ndi mawaya mpaka thukuta kamukamu. Makinawo anangokanda kamzere kamodzi kokhota pa thabwa la mlombwa, n'kuzima. Ine ndinapsa mtima, koma inu munadzuka n'kuyamba kuponda ngoma mu utuchi ngati tapambana kale. Munati, "Usalitaye thabwali, mphwanga, makina ayamba kulankhula." Sindinalitaye. M'mawa uno makinawo alemba dzina lanu pa thabwa lomwelo, zilembo zowongoka bwinobwino, amayi ataima pakhomo akuziwerenga chimodzichimodzi pamene zikutuluka. Kamzere kokhota kaja sindinakapale, ndakasiya m'munsi mwa dzinalo. Kameneko tinalemba tili awiri.