Bini ya Mai Kaboni

Mai Kaboni anayamba kutayipa makalata a anthu nthawi imene pepala limodzi linkabereka ana atatu pansi pake, zala n'kukhala zabuluu kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Ndiko kunachokera dzinali. Mapepala a kaboni anatha kalekale, makina aphokoso aja anapita kwa ogula zitsulo, koma dzina linakakamira, ndipo eni akewo anatopa nako kulikana.

Kachipinda kawo kali kumapeto kwa khonde la mashopu, pakati pa telala ndi chimbudzi chimene chinatsekedwa chaka chinachake n'kuiwalika. M'katimo muli tebulo, mipando iwiri, pulinta, ndi kompyuta yokalamba imene ikamayaka inkayamba yatsokomola kaye. Anthu amabwera ndi makalata ofunsira ntchito, makalata osiyira ntchito, ndondomeko za maukwati ndi za maliro. Ena amabwera chimanjamanja, kudzangokhala pampando wachiwiriwo kuti aone amene wafunsira ntchito kuti. Oterewa Mai Kaboni amawadziwira kakhalidwe: thupi pampando, khosi ku sikirini.

Tsono pali kanthu kamodzi kamene mayiwa sanauzepo munthu, ngakhale malemu amuna awo. Akali mtsikana ankagwira ntchito ya ulembi kwa bwana wina wokonda kufufuza m'madirowa a anzake. Bwanayo ankatsegula chilichonse chokhala ndi chogwirira, koma bini ya pansi pa tebulo sanaikhudzepo, poti anali munthu waukhondo. Mai Kaboni anaphunzira msanga. Kalata yofunika ankaiika pansi pa bini, pamwamba n'kuunjikapo mapepala okwinyika. Wosesa anauzidwa kuti bini imeneyo si yake, ndipo zaka khumi ndi ziwiri zinatha osaikhuthula. Ndiye Mai Kaboni atagula kompyuta n'kuona kuti nayonso ili ndi kabini kake pakona, anati eya, opanga makinawa ndi anthu oganiza. Makalata wamba ankawasunga m'foda ngati aliyense. Zofunika zenizeni ankazitaya dala. Akazifuna ankazitola m'binimo, n'kugwirapo ntchito, madzulo n'kuzitayanso. Ndipo zinkayenda. Pa osuzumira onse aja, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zotsegula zinyalala.

M'binimo ndi mmene munkagona buku la Akondakitala.

Akondakitala ndi mkulu amene anatha zaka makumi atatu ataimirira m'basi, mpaka maondo anawakana, kenako maso nawo anatsatira. Kwa zaka ziwiri, Lachiwiri lililonse m'mawa, ankabwera ndi ndodo yawo, n'kukhala pampando wachiwiri uja, n'kumafotokoza mbiri ya moyo wawo kuti adzukulu adzawerenge. Mai Kaboni ankatayipa. Masamba anali atapitirira zana, ndipo mwana wamkazi wa Akondakitala, amene ndi nesi, anali atanena kuti pakutha pa mwezi adzatenga bukulo akalisindikize, bambo ake akamakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu alipatsidwe m'manja. Chimene nesiyo sankanena, koma aliyense pakhondepo ankachiona, n'chakuti mutu wa mkuluyo unali utayamba kudontha. Masiku ena ankaiwala dzina la msewu umene anayendamo theka la moyo wawo. Zimene ananena chaka chatha sakanazinenanso chaka chino.

Kompyutayo nayo inali itayamba kudontha m'njira yakeyake. Fulashi iliyonse ya kasitomala inkabwera ndi matenda ake. M'mawa uliwonse pasikirini pankatuluka kauthenga kaulemu konena kuti pulogalamu yoyendetsa makinawa yakalamba, eni ake sakuisamaliranso, ndipo yatsopanoyo singakhale m'makina okalamba chonchi. Mai Kaboni ankakatseka kauthengako ngati mmene munthu amatsekera chitseko akaona mlendo wokonda kukhalitsa.

Amene anabweretsa mankhwala anali mpongozi wawo, mwamuna wa mwana wawo wachiwiri, mphunzitsi wa makompyuta. Mwamunayu ndi wabwino, sakumwa, sayendayenda, koma ali ndi chipembedzo chake: pulogalamu yaulere yotchedwa Linaksi. Anailalikira paukwati wa mlamu wake, anailalikira pamaliro. Loweruka lina m'mawa anafika nayo pakafulashi. Anafotokoza kuti imeneyi sifuna makina atsopano, matenda a m'mafulashi saigwira wamba, ndipo ilibe bwana: imapangidwa ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana, aliyense wodziwa akhoza kuitsegula m'mimba n'kuona mmene inalukidwira. Mai Kaboni anafunsa kuti chinthu chopanda mwini chikawonongeka munthu amakadandaula kwa ndani. Mpongoziyo anati kwa aliyense. Mayiwo anati ndiye kuti palibe, koma anali atatopa ndi kutsokomola kuja, ndipo anamusiyira mpando.

Mpongozi anakopera foda ya makalata yonse, ya zithunzi, ngakhale nyimbo zitatu za kwaya zimene zinalowa mmenemo mosadziwika bwino. Kenako anaika chala pamwamba pa batani.

"Amayi, zofunika zonse zili mumafoda amenewa, eti? Ndikadina apa zakale zonse zipita."

Mai Kaboni anayang'ana kabini kaja pakona. Anaganiza zinthu ziwiri. Choyamba, akamuuza munthu wa digiriyu kuti chuma chawo amasunga m'zinyalala, auza mkazi wake, mkazi wake auza abale ake, pofika Lamlungu masana banja lonse likhala likuseka. Chachiwiri, anadziuza kuti munthu akamapenta chipinda kapena kusintha mipando, bini imakhala pomwepo pansi pa tebulo. Amasamutsa bini ndani?

"Zonse zili momwemo, apongozi. Dinani."

Lolemba kompyuta inayaka asanaike n'komwe chikwama pansi. Zimenezi zinawakwiyitsa pang'ono, chifukwa mphindi khumi zodikira zija ndi zimene ankamwera tiyi. Chilichonse chinali chitasamuka. Pulogalamu yotayipira inali ndi dzina lina ndi nkhope ina, ndipo dzanja lawo linkathamangira pakona pomwe panalibe kanthu ngati munthu wofuna swichi m'nyumba ya eni. Komabe pofika masana anali atatulutsa makalata awiri ndi ndondomeko ya maliro, pulinta osadandaula ngakhale kamodzi. Atapuma, anati atole buku lija aliwerenge mawa lisanafike. Kabini kanalipo ndithu, katsopano, koyera bwino. Anakatsegula. M'katimo munalembedwa mwaulemu kuti mulibe kanthu.

Anakatseka n'kukatsegulanso katatu. Anazimitsa makina n'kuyatsanso. Anafika poyang'ana bini yeniyeni ya pansi pa tebulo, ndipo izi anawaona ndi Atelala, amene khoma lawo lili ndi kabowo.

Foni kwa mpongozi inali yaifupi. Atamva, mphunzitsi uja anafunsa ngati sanamve bwino.

"M'bini, amayi?"

"M'bini."

"Zaka zonsezi?"

"Apongozi, ndakuimbirani kuti mundithandize, osati mundiwerengere zaka."

Ataweruka anabwera, n'kukhala pakompyutapo thukuta lili kamukamu. Anati pulogalamu yatsopano yagona pamalo pomwe panali zakalezo, koma ayesa. Analembera anthu ake aja a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo zoonadi, ola lisanathe mlendo wina anayankha mokoma mtima, n'kupereka njira. Funso lake loyamba linali loti mafayilowo ankatani m'bini. Njirayo anaitsata mpaka pamapeto, ndipo chimene chinatuluka chathunthu chinali ndondomeko ya ukwati wa zaka zisanu zapitazo, ukwati umene unatha kale. Za buku, zilembo zosokonekera basi.

Mai Kaboni sanalire. Anangokhala, manja ali pamaondo, msana ukuwawa pamalo pake pa masiku onse. Ndiye panamveka kutsokomola kuseri kwa khoma, ndipo Atelala, amene amati samva za eni, analowa atanyamula thumba.

Paja mutu uliwonse wa bukulo ukatha, Mai Kaboni ankausindikiza kuti awawerengere Akondakitala, n'kukonza ndi cholembera, ndipo mapepala okonzedwawo ankawapatsa Atelala. Atelala ankawamata anayianayi n'kudulapo mapatani a zovala. Anakhuthula thumbalo patebulo. Ubwana wa Akondakitala unali mkono wa malaya. Chaka chimene basi inagwera m'ngalande chinali kolala. Kubadwa kwa nesi kunayamba bwinobwino paphewa n'kukadukira m'khwapa. Atelala anati akanadziwa kuti akudula mbiri ya munthu akanasiya msoko waukulupo.

Atasanja zidutswazo, anapeza kuti gawo lalikulu lilipo, ngakhale lodyeka m'mbali. Mitu iwiri inalibe ndi kachidutswa komwe. Wina unali wa mkulu wawo wa Akondakitala amene anapita kukafuna ntchito kutali osabweranso. Winawo unali wa mmene anakumanirana ndi malemu akazi awo, mutu umene nesi ankaufunsa nthawi zonse akaimba foni. Umenewo Atelala anaukumbukira bwino: unakhala kabudula wa yunifolomu, ndipo pataniyo inatha ntchito n'kutayidwa m'bini ya anthu wamba, imene imakhuthulidwa.

Lachiwiri m'mawa ndodo inamveka pakhonde. Mai Kaboni anali atakonza mabodza awiri abwino ndithu, lina la magetsi, lina la mpongozi. Koma mkuluyo atakhala pansi n'kuvula chipewa, mabodza onse anawalemera, ndipo ananena zoona kuyambira kwa bwana waukhondo uja mpaka ku kabudula.

"Ndiye buku langa linkakhala m'zinyalala, mayi?"

"Ndi mmene ndimasunga zinthu zimene sindifuna kuti zitayike, bambo."

Akondakitala anaseka mpaka kutsokomola. Anati akazi awo akanakhala moyo akananena kuti bukulo linali kwawo kwenikweni. Kenako anati palibe vuto, anenanso, si moyo wawo womwe? Anakhala tsonga, n'kuyamba: "Tsiku limenelo..." Anaima. Anayambanso. Milomo inkayenda koma mawu osabwera, ndipo dzanja lawo linayamba kusisita mutu wa ndodo. Anafunsa ngati akazi awo anakumana nawo m'basi kapena pamaliro a munthu wina. Anafunsanso, motsitsa mawu, ngati ananenapo dzina la mkulu wawo uja.

Mai Kaboni anayang'ana sikirini yopanda kanthu. Dzina la mbale wawoyo sanalikumbuke, analitayipa kamodzi kokha. Koma mutu wa akaziwo anauwerenga mokweza kanayi kapena kasanu, chifukwa Akondakitala ankaupempha ngati nyimbo, mpaka unafika powatopetsa.

"Munati kunkagwa mvula," anatero. "Munati anakwera pasiteji ya pafupi ndi sitolo ya nsapato, n'kukhala mpando wachitatu, kumbali ya zenera losatseka. Potsika anaiwala ambulera. Inu munaibisa pansi pa mpando wa adalaivala sabata yathunthu, osakaipereka ku ofesi, kuti mudzaipereke nokha."

Dzanja lija linasiya kusisita ndodo.

"Masabata awiri," anatero Akondakitala. "Sabata yoyamba ndinamuona koma ndinachita mantha."

Zimenezi sananenepo chaka chatha. Mai Kaboni anazitayipa.

"Munati ambulerayo inali yofiira."

"Yakuda, mayi. Munthu wake uja akanagwira chofiira? Inu simunamudziwe."

Chaka chatha inali yofiira, ndipo anakakamira kuti ikhale yofiira. Mai Kaboni anatayipa kuti yakuda. Anapitiriza choncho mpaka masana, mayiwo akuyamba chiganizo, mkuluyo akuchimaliza kapena kuchitsutsa, Atelala ataimitsa makina awo kuseri kwa khoma kwa nthawi yoyamba chiyambire.

Masabata atatu otsatirawo Mai Kaboni ankafika m'mawa mashopu ena asanatsegule, n'kumatayipa kuchokera m'makolala ndi m'mikono, akutembenuza mutu motsata mmene lumo linadutsira. Pamene lumo linadya mawu ankaikapo awo, ndipo amene amawadziwa bwino mayiwa akhoza kuloza malo amene kondakitala akuyankhula ngati kalata yofunsira ntchito. Zala zinatupa. Makasitomala osuzumira anachepa, poti panalibe choona koma mayi wokwiya akuwerenga mkono wa malaya. Kompyutayo sinatsokomole ngakhale tsiku limodzi, ndipo izi zinkawapweteka kwambiri, chifukwa analibe woti amukalipire.

Nesi anabwera pakutha pa mwezi n'kutenga bukulo. Linali lopyapyala kuposa mmene analonjezera. Anatsegula pomwepo mutu wa ambulera, n'kuuwerenga ataimirira, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Atafunsa za atate ake aakulu aja, Mai Kaboni anamuonetsa tsamba lake. Panali mzere umodzi wokha, umene Akondakitala anakwanitsa kunena: kuti anali ndi mkulu wawo, wamtali, amene ankawanyamula powoloka msewu.

Mpongozi sanauze mkazi wake. Anauza mlamu wake, ndipo pofika Lamlungu masana banja lonse linali likuseka ndithu. Pofuna kupepesa anawapangira foda yokhala ndi loko, n'kuilemba kuti Zofunika, ndi fulashi yosungira kope lachiwiri. Mai Kaboni anati dzina limenelo ndi loitana anthu. Anaphunzira okha kusintha dzina la foda, chinthu choyamba chimene anachita pa pulogalamu yatsopanoyi popanda kufunsa munthu, n'kuilemba kuti Zinyalala.

Madzulo aliwonse akamatseka, dzanja limakokerabe fayilo kupita kukabini kaja pakona. Limafika pakati pa sikirini, n'kuima, n'kubwerera pang'onopang'ono. Akatero amazimitsa makina, amatenga kafulashi kaja, n'kuwerama movutikira kukakaika pansi pa tebulo, kunsi kwa mapepala okwinyika.