Zitsulo za pamwamba pa loja yathu

Denga la loja yathu, sitolo yathu ya ku Moatize, sindinasankhe ine. Ine ndinkafuna malata. Ndine mwana wa ku Zóbuè, kumapiri, kumene mvula ikagwa pa malata imatsetsereka n'kupita kwawo osakusiyira nkhani. Koma achimwene anga, amene ndinawaponda pamutu, anandiseka mpaka kutsokomola.

"Malata kuno? Ukufuna kupsa ngati mbatata, chemwali? Kuno si kwathu."

Iwo ndiwo anandiitana kutauniko ukwati wanga utatha. Anali atalembedwa ntchito ku mgodi wa malasha, masiku amene aliyense wa miyendo iwiri ankathamangira ku Moatize. Anati anthu kumeneko ali nazo m'thumba koma kogula sopo kulibe, ndiye timange loja, iwo azipita ku mgodi, ine ndizigulitsa.

Ankafuna pulaka, denga lathyathyathya lija la simenti ndi zitsulo. Ndinakangana nawo sabata yathunthu, pakuti ine pakamwa sindimabwereka kwa munthu. Kenako anandiuza chifukwa chenicheni. Pulakayo sinali yoti ikhale denga mpaka kale. Pamwamba pake tidzamanga nyumba, zipinda ziwiri zanga, ziwiri zawo ndi alamu anga. Tinakulira m'kanyumba kamodzi ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo, ndipo titabwerera kwathu makolo sanakhalitse. Tinatsala awiri.

"Tabalalika mokwanira," anatero. "Ine ndi iwe tidzakalambira pamwamba apo."

Apo ndinagonja.

Atathira simentiyo, achimwene ankakwera makwerero ndi ndowa m'mawa, masana ndi madzulo kwa masabata awiri, kuthirira pulaka kuti dzuwa lisaing'alule isanalimbe. Amisiri anasiya zitsulo zinayi zinayi zitatulukira pamwamba pa mzati uliwonse, zofika m'chiuno, zodzalumikizira nyumba yam'mwambayo. Theka la Moatize linali ndi zitsulo zotere masiku amenewo. Achimwene anaveka chitsulo chilichonse botolo lapulasitiki kuti mvula isachidye.

Kenako mgodi unachepetsa anthu, iwo n'kukhala m'gulu la ochotsedwa. Anatsata njanji mpaka ku Nacala, kudoko, akuti miyezi itatu yokha. Chaka chisanathe alamu anga ndi ana anawalondola. Poyamba ankaimba foni Lamulungu lililonse, kenako pakutha pa mwezi, kenako ndinkayamba kuimba ndine.

Ndinatsala ndekha ndi pulaka yanga. Chinthu chimenechi chimamwa dzuwa tsiku lonse, ndiye likapendeka, anzako a malata akuyamba kupuma, icho n'kuyamba kukulavulira moto wonse chinamwa uja. Nthawi ya chilimwe makandulo ankapindika pa shelefu, mafuta odzola n'kusanduka madzi m'mabotolo. Ndinkatukwana denga mokweza, pakuti munalibe wina womutukwana. Chakudya ndinkadyera kuseri kwa tebulo logulitsirapo, mbale imodzi, maso ali kumsewu kumene magalimoto a malasha ankadutsa.

Mabotolo aja dzuwa linkawaphwanya chaka chilichonse. Mitambo ikayamba kusonkhana ndinkatola ena, n'kumanga chitenje molimba, n'kukwera makwerero kukaveka zitsulo. Mayi wina wogulitsa makala tsidya lina la msewu ankandikuwira kuti, "Amayi a nyumba yosanja, mwakwera kale kuchipinda?" Ndinkamuyankha kuti tsiku lina adzandipempha mpando pamwambapo, ndipo ndidzamukaniza.

Mvula ya ku Moatize ndi yochepa koma ilibe ulemu. Ikagwa, madzi ankaima pa pulaka ngati dambo, chifukwa amisiri sanaipendeketse. Akanaipendeketsa bwanji, poti inali yoti idzakhale pansi pa chipinda? Madziwo ankatsata zitsulo kulowa m'kati, dzimbiri n'kumatupa, simenti n'kumang'aluka. Ndinayamba ndi beseni limodzi pafupi ndi matumba a shuga, chaka chotsatira anali anayi. Tsiku lina chibenthu cha simenti, kukula kwake ngati chikhatho, chinagwa pa tebulo pamene mayi wina wobereka khanda ankasankha sopo. Anangobweza sopoyo n'kutuluka.

Ndinaitana mesitere, mkulu wa amisiri, bambo wachinyungwe wa imvi amene Chinyanja chake chinali chopindika koma chomveka. Tinakwera tonse. Anayenda pa pulaka akugogoda ndi hamala, akumvetsera, kenako anagwedeza chitsulo chimodzi, dzimbiri n'kuyoyoka.

"Mayi, njira ndi ziwiri," anatero. "Ngati mukumanga pamwamba, mangani chaka chino. Ngati simukumanga, tidule zitsulo zonsezi, tithire simenti yopendekera ku tubu kuti madzi azituluka, tiyale tela, nsalu ija ya phula. Pamwamba pake tipake tinta, penti yoyera, dzuwa lizibwerera kumene lachokera. Mukaisiya yakuda, mupsa kuposa lero. Ndipo muzikwera kutsuka, poti fumbi la malasha limadetsa."

"Simungamate mozungulira zitsulozo, osadula?"

"Ndingamate. Chaka chamawa mudzandiitananso, n'kudzanditchula wakuba."

"Nanga mukadula, tidzathanso kumanga?"

Anayang'ana dzimbiri linali m'manja mwake. "Musadzawerengere zimenezo, mayi."

Ndinapsa mtima ngati kuti dzimbirilo anabwera nalo ndi iye. Ndinamuuza kuti zitsulozo zili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo sanafe. Anangoti "chabwino, mayi," n'kutsika pang'onopang'ono. Pambuyo pake ndinachita manyazi, pakuti bamboyo sanandilakwire.

Masabata atatu ndinkagwira foni n'kuibweza m'thumba. Ndinkaopa kuti achimwene akwiya, anena kuti ndawataya, kuti ndikufuna kudya loja ndekha. Ndinakonza mawu ambiri owapepesa nawo. Ndinakonzekanso kuti akangoti "dikira chaka chimodzi," ndidikira, ngakhale denga lindigwere pamutu.

Lamulungu lina masana, nditachoka ku tchalitchi, ndinakwera pa pulaka n'kuwaimbira foni. Simenti inkaotcha mapazi kudutsa m'nsapato. Tinapatsana moni, ndinafunsa za alamu anga ndi ana, iwo anafunsa za malonda. Kumbuyo kwawo kunkamveka wailesi ndi anthu akuseka.

"Achimwene, denga likudontha kwambiri. Mesitere akuti tidule zitsulo."

"Zitsulo ziti?"

Ndinaganiza kuti foni yasokoneza mawu. Ndinabwereza. Ndinati zitsulo za pamwamba, za nyumba yathu ija.

"Aa, zija. Zikadalipo?" Anaseka, kuseka kwabwinobwino, kopanda choipa chilichonse. "Dula, chemwali. Ukuvutikiranji? Denga ndi lako."

Ndinati zikomo. Anati mwana wina akuwaitana, adzaimba. Ndinakhala pa simenti yotenthayo kanthawi ndithu, foni ili pamwendo. Mawu onse opepesa ndinakonza aja analibe kopita.

Mesitere anabwera Lachiwiri ndi makina odulira. Ine sindinakwere. Ndinatsegula loja monga mwa masiku onse, n'kumayeza mchere ndi shuga makinawo akulira pamwamba panga. Pofika masana anali atamaliza, ndipo anandifunsa ngati ndikufuna zidutswazo. Ndinati atenge.

Ntchito anaigwira bwino bamboyo, chilungamo ndinene. Denga silidonthanso, makandulo amaima chilili, ogula amalowa n'kunena kuti muno ndi mozizira. Kudulako sikunandiwawe monga ndinkaganizira. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti zaka zonse zija ndinkayesa kuti tikudikira awiri, pomwe ndinkadikira ndekha.