Nermin Anavina Osamva Nyimbo

Tsiku limene dokotala anamulembera papepala kuti makutu ake sadzamvanso, Nermin anali ndi zaka makumi awiri. Kuyambira ali mwana ankaphunzira baleti, gule uja wovina utaima pansonga za zala, ndipo anali atangolandiridwa kumene m'gulu lina la ovina kuno ku Alexandria. Matenda oumitsa khosi a masabata atatu anamulanda zonse. Gululo linamutumizira maluwa, malo ake n'kupatsa wina.

Miyezi isanu anangobindikira m'chipinda. Bambo ake, a Abdel-Sattar, oyendetsa sitima ya m'tauni, ankamusiyira tiyi pakhomo, n'kudzamupeza atazizira.

Tsiku lina m'mawa kunabwera Mayi Afaf, oimba piyano kusukulu yake yakale ya gule. Anamugwira chibwano kuti awayang'ane pakamwa.

"Iwe, anakudula miyendo kapena?"

"Ayi, mayi. Koma nyimbo sindikuimva."

"Theka la atsikana anga ali ndi makutu awiri koma samva kanthu. Vala, tiye."

Kusukuluko anamuimika opanda nsapato pamatabwa a pansi, pafupi ndi piyano, iwo n'kumenya mawu aakulu. Nermin anamva kunjenjemera kukukwera m'mapazi. Analira pang'ono, kenako anayamba kuwerenga kagundidwe kake.

Sizinali zophweka. Matenda aja anamusiyiranso chizungulire, moti akazungulira kamodzi ankagwa. Pena ankaitsogolera nyimbo, pena kutsalira. Gule aliyense ankachita kumuloweza pamtima, phazi ndi phazi. Bambo ake akaweruka ankamenya tebulo ndi chikhato kuti mwana wawo ayeserere.

"Baba, mukuthamanga!"

"Zaka makumi atatu ndikuyendetsa sitima, mwana wanga, iwe ndiwe woyamba kudandaula kuti ndikuthamanga."

Patatha zaka zitatu anakayesa mwayi m'gulu lina ku Cairo. Atangonena kuti samva, anamubweza asanavine n'komwe. Chaka chotsatira anapita ku gulu linanso, koma za kusamva kwake sananene. Anavina mpaka kumapeto. Mkulu wa gululo anamufunsa dzina akuyang'ana m'mapepala, Nermin osayankha. Anafunsanso kawiri. Apo m'pamene mkuluyo anadzutsa mutu, Nermin n'kumuuza kuti samva.

"Nanga nyimbo mwaitsata bwanji?"

"Ndi mapazi, bwana. Inu muzingondikodola poyambira."

Anamutenga.

Pachionetsero chake choyamba, gule atatha Nermin anawerama, n'kutembenuka kuti azituluka. Mnzake wovina naye anamugwira paphewa, n'kumubweza. Anthu onse m'holomo anali ataimirira. Phokoso la m'manja mwawo sanalimve, koma anaona manja mazanamazana akugundana, ndipo anaima pomwepo mpaka nsalu yotchinga bwalo lovinira inatsika.

Inu amene mukuwerenga, mwina chilipo chimene moyo wakulandani, ndipo sichidzabwerera. Lirani, si mlandu. Mukapukuta misozi, onani chimene chatsala, muyambire pomwepo. Musataye mtima.