Madzi Pamphumi pa Anganga Nahale

Ndikakumbukira anganga Nahale, mphuno zanga zimadzaza fungo la kalongonda akuwira kuseri kwa nyumba yawo, nyemba zija zimene zimaphikidwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, madzi ake akutayidwa n'kuthiramo ena, chifukwa ukazifulumizira zimaledzeretsa munthu mpaka kumugwetsa. Utsi wa mapesi a nandolo unkakwera pang'onopang'ono n'kukalowa m'masamba a mtengo wa mpoza umene unali pabwalo pawo, ndipo iwo ankakhala pamkeka patsinde pake, miyendo ili tambalale, akupala chinangwa ndi kampeni kopanda chigwiriro, kwinaku akung'ung'udza nyimbo ya Chilomwe imene ife ana sitinkaimva bwino.

Sanali achibale athu. Nyumba yawo ndi yathu zinkangolekana ndi mizere iwiri ya chinangwa, kumudzi kwathu kufupi ndi Migowi, koma mwana aliyense ankawaitana kuti anganga. Anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ine ndisanabadwe, ndipo anafika okha, opanda mwamuna, opanda mwana. Iwowa ndiwo anali mzamba wa mudzi wonse. Ukadutsa pakhomo pawo m'mawa ankakuwa, “Mosheliwa, mwanaka?” kutanthauza kuti wadzuka bwanji mwana wanga, ndipo usanayankhe n'komwe anali atakuika kale chinthu m'manja, kaya ndi mbatata yootcha kaya ndi nzimbe.

Chinthu chimodzi chokha chinkawasiyanitsa ndi ife, sankapita ku tchalitchi. Lamulungu mudzi wonse ukasamba n'kunyamuka, iwo ankatsala ndi mphika wawo. Mbewu zikacha ankagwada patsinde pa mpoza n'kuthira ufa pansi, akutchula mayina a anthu awo amene anamwalira, ndi dzina la Muluku, monga ankamutchulira Mulungu. Ife tinkaona zimenezi ngati mmene tinkaonera phiri la Michesi, chinthu chimene tinachipeza chili pomwepo.

Ndili sitandade 4 ndinayamba kalasi yokonzekera kulandira Ukaristia woyamba. Ankatiphunzitsa Loweruka lililonse a katekisiti athu, bambo Matiyasi, munthu waulemu amene ankayenda panjinga yakuda atavala jekete ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Tsiku lina anatiphunzitsa kuti munthu amapulumuka pokhulupirira Yesu ndi kubatizidwa, ndipo kuti njira ina kulibe. Ine ndinakweza mkono.

“Nanga anganga Nahale?”

Anzanga anaseka. A katekisiti sanaseke.

“Felesita, njira ndi imodzi. Amene waimva n'kuikana, waikana yekha.”

Koma tisanaweruke anatiphunzitsanso china, chakuti munthu akakhala pafupi kufa ndipo wansembe ali kutali, aliyense angathe kumubatiza, bola madzi akhalepo ndipo mawu anenedwe. Ndinabwerera kunyumba ndikubwereza mawu aja njira yonse. Masiku amenewo anganga anali ndi chifuwa chimene chinkamveka mpaka kwathu, ndiye ine m'nzeru zanga za chimwana ndinagamula kuti chifuwa chimenecho n'chokwanira kutchedwa pafupi kufa.

Masana a tsiku lotsatira, anthu atabwerako ku tchalitchi n'kudya, ndinaona anganga atagona pamkeka pansi pa mpoza, chitenje chili kumapazi, pakamwa pali yasa. Ndinatunga madzi mumtsuko wa amayi ndi kakapu kanga ka pulasitiki, n'kudutsa m'chinangwa muja monyang'ama ngati ndikukaba. Ndinagwada kumutu kwawo. Ndinanong'ona mawu onse mofulumira mpaka kumapeto, kenaka ndinaviika zala m'kapu n'kuwawaza kumaso.

Anatsegula diso limodzi.

“Walakwitsa,” anatero.

Kapu inangotsala pang'ono kundipulumuka.

“Madzi sawaza ngati ukuthirira mpiru kudimba. Ayenderere pamphumi, katatu. Ndipo mawu ndi madzi zimayendera limodzi, osati mawu kutsogola madzi n'kumabwera pambuyo ngati mlendo wochedwa. Nanga dzina wandipatsa ndani?”

“Mariya,” ndinayankha.

“Eee! Dzina lalikulu chonchi pa nkhalamba yopanda mano?” Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, anadzuka n'kukhala tsonga, akupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. “Komanso, mwanaka, munthu wamkulu sabatizidwa ali m'tulo ngati ukumubera nkhuku. Amayamba wafuna yekha.”

Munthu amene sanapondepo pakhomo la tchalitchi, munthu wothira ufa pansi pa mtengo, akundikonza ine wa kalasi, ndipo zimene akunena n'zofanana ndendende ndi za a katekisiti!

“Anganga, mwazidziwa bwanji zimenezi?”

“Ukafunse amayi ako.”

Apa ndinayamba kulira, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina. “Ndiye ngati mukuzidziwa, mukukaniranji? Anganga, mukapsa kumoto!”

Sanakwiye. Anandikokera pafupi n'kundikhazika pamkeka. Kenaka anandiuza chinthu chimene sindinamvepo kwa munthu aliyense m'mudzi muja. Pothawa nkhondo anali ndi ana awiri, wina woyenda yekha, wina wakumsana. Onse awiri anatsekula m'mimba panjira, ndipo anamwalira motsatizana asanafike kumalire. Anawakumbira okha manda ndi mtengo wosongola.

“Asisitere a kuchipatala cha mishoni anandichonderera kangapo kuti ndibatizidwe,” anatero. “Anthu abwino, ndimawakonda. Ine ndinawafunsa kuti, ana anga aja sanathiridwe madzi, ali kuti? Anati Mulungu ndiye adziwa. Ndiye ndinati, poti inunso simukudziwa, ndisiyeni ndikalowere khomo limene analowera iwo. Ngati kumeneko kuli moto, ndikawafungatira, uyambe kupsereza ine. Ungafune amayi ako apite kokoma iwe akusiye kunja?”

Amayi sindinawafunse kanthu, ndinkaopa kuti akamva zoti ndinakathira madzi munthu wamkulu ali m'tulo andikwapula. Ndinangokhala nazo mumtima, ndipo popemphera kolona ndinkaba mkanda umodzi n'kuupereka kwa anganga, osauza munthu.

Chifuwa chija sichinawasiye. Anamwalira titangomaliza kukolola chimanga, ine ndisanalandire Ukaristia.

Inu amene munakulira kumudzi mukudziwa mmene maliro a Mkhristu amakhalira. Amayi a mpingo amavala zitenje zofanana, amaluka nkhata za maluwa, nyimbo imayamba mtembo uli m'nyumba ndipo siduka mpaka kumanda. Pa maliro a anganga Nahale panalibe zimenezo. Anthu anadzaza bwalo lonse mpaka m'chinangwa, chifukwa panalibe banja limene iwo sanalowemo ndi manja awo, koma kunali zii. Unkangomva nyundo za amene ankakhoma bokosi ndi kutsokomola kwa anthu. Wachibale analipo mmodzi yekha, mwana wa mlongo wawo amene anabwera kuchokera kwa Mkhumba atanyamula ufa m'kambale. Ine chete ameneyo anandiopsa kuposa mtembo. Ndinati mumtima, basi, zija ananena a katekisiti zayambira pompano.

Dzuwa litafika pamutu, adzukulu atabwera kudzanena kuti manda atha, amayi anga anadzuka pakati pa azimayi. Amayi anali munthu wofatsa, sindinawaonepo akuyankhula pagulu pali amuna. Anayenda mpaka pamene panakhala a katekisiti, pampando pansi pa mpoza, n'kugwada.

“A katekisiti, tiyambe nyimbo iti?”

“Mayi a Felesita, lamulo mukulidziwa,” anayankha motsitsa mawu. “Malemuwa sanali a mpingo. Buku la mapemphero sinditsegula, ndipo nyimbo sitiimba.”

Amayi anatembenuka. “Felesita, bwera kuno. Ima apa.”

Ndinapita, maso a mudzi wonse ali pa ine.

“Mwana uyu mukumukonzekeretsa Ukaristia. Anamubatiza ndani?”

“M'buku la ubatizo muli dzina la Bambo mfumu, wansembe wathu.”

“Bambo mfumu anangomaliza zotsala, anamudzoza mafuta. Anafunsa mmene zinayendera ndipo anati ubatizo ndi womwewo, sangabwerezenso. Madzi anathira ndi awo agona m'nyumbamo.”

Amayi anapitiriza, ali chigwadire, mawu akumveka mpaka kumapeto kwa bwalo. Anati ndinabadwa m'dzinja, miyezi isanakwane, mtsinje utadzaza moti kuchipatala kunali kosapitika. Ndinatuluka wotuwa, wosalira, wolobodoka ngati nsanza. Amayi anayamba kukuwa kuti mwana wanga akufa wosabatizidwa. Anganga Nahale, amene asisitere anawaphunzitsa zimenezi pamene ankaphunzitsa azamba, sanatsutse kapena kufunsa. Anatunga madzi m'chikho, anathira pamphumi panga katatu, akutchula Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera m'Chichewa chawo chopotoka. Dzina lakuti Felesita anasankha ndi iwo. Kenaka anandizondotsa n'kundimenya kumapazi mpaka ndinalira.

Ine amene ndinapita ndi kakapu kukapulumutsa nkhalamba yachikunja, Chikhristu changa chonse chinayambira m'dzanja la nkhalamba yomweyo!

Ndisanapume n'komwe, mayi wina anadzuka akukoka mwana wake wamkazi pamkono n'kudzamuimika pambali panga. “Uyunso.” Wina anadzuka yekha, wopanda mwana. “Wanga anamwalira tsiku lomwelo,” anatero, “koma munamuika ndi pemphero chifukwa cha madzi a mayiwa. Munatsegula buku ndinu nomwe.” Kenaka kumbuyo kwenikweni kunamveka mawu a akazi awo a katekisiti, amene sanadzuke n'komwe.

“Bambo, nanga Yohane wathu?”

Anthu anati haa, onse pamodzi. A katekisiti anayang'ana pansi. Ndikhulupirira kuti nkhani ya mwana wawo ankaidziwa bwino, koma anali asanaziikepo pamodzi zinthu ziwirizi, dzanja limene linabatiza mwana wawo ndi mtembo umene ankaukaniza nyimbo. Thukuta linkayenderera m'khosi mwawo kulowa m'jekete. Atakweza mutu anati, “Lamulo sindinapange ndine, ndipo sindingalithyole. Buku likhala m'thumba.”

Amayi sanasunthe.

“Koma Atate Athu,” anatero a katekisiti, “palibe anandiletsa.”

Anavula chipewa, anatsika pampando n'kugwada m'fumbi, pamalo pomwe anganga ankathira ufa wawo. Mudzi wonse unagwada. Sindinamvepo pemphero limenelo likunenedwa ndi anthu akulira chomwecho. Nyimbo sinaimbidwe, tinapita kumanda mwachete ndithu, nkhata za maluwa panalibe. Bokosi litatsikira, mwana wa mlongo wawo uja anathira ufa wake kumutu kwa manda akuyankhula Chilomwe, ndipo palibe Mkhristu amene anayang'ana kumbali.

Loweruka lotsatira, anzanga atatuluka m'kalasi, ndinatsalira. A katekisiti ankamanga mabuku pa kaliyala ya njinga.

“Ndiye panopa ali kuti?” ndinafunsa.

Anamanga chingwe, anamasula, anamanganso.

“Felesita, ine anandiphunzitsa njira imodzi, ndipo ndi imene ndikukuphunzitsa. Uigwiritse. Koma kumene dzanja la Mulungu limafika, njinga yangayi sinafikeko.”

Lero ndine mayi wa ana anayi, onse anabatizidwa m'tchalitchi, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti palibe amene anafunika madzi a m'chikho. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, nkhani zozama za mabuku sindingazithe. Chimene ndikudziwa n'chakuti Yesu ndiye Mpulumutsi wanga, ndipo ana anga ndimawaphunzitsa zomwezo. Koma ndikamadutsa pamsika wa Migowi n'kumva mlaliki akutchula mwamphamvu anthu amene akupita kumoto, ngati anaona mndandanda wake, ine ndimangofulumiza miyendo. Pakamwa panga sipangathe kuvomera kuti ame. Ndimaona mayi akuyenda yekha kulowera khomo limene sakulidziwa, manja atatambasula, kufunafuna ana ake awiri, ndipo ndimadzifunsa ngati Yesu amene ndimamudziwa ine angamubweze munthu wotero. Yankho ndilibe. Mkanda uja wa kolona ndimaperekabe kwa iwo, tsopano mosabisa.

M'mawa uliwonse ndikagwada kuti ndichite chizindikiro cha mtanda, chala changa chimayamba kugunda pamphumi, pamalo pomwe panayenderera madzi a anganga Nahale. Ndimachedwapo pang'ono pamenepo ndisanatsikire pachifuwa.