Tsiku Limene Amuna Anga Anafa pa Kanema

Amuna anga anafa Lamlungu lina madzulo, dzuwa lisanalowe, atakhala pa sofa pambali panga akutafuna mtedza wokazinga. Anafera pa kanema, koma chipwirikiti chake chinachitikira m'nyumba mwathu ku Nkolokosa.

Masiku amenewo pa kanema wina wa konkuno pankaonetsedwa sewero la apolisi ofufuza milandu, lojambulidwa mu Blantyre momwemuno. Apolisi ake anali omwewo sabata ndi sabata: mkulu wina wa mimba yake ndi chipewa, ndi mtsikana wamtali wosadziwa kuseka. Chimene chinkasintha ndi wakufa. Gawo lililonse linkayamba ndi nkhope yachilendo, munthu wosangalala, akugula tomato mumsika wa Limbe kapena akuwoloka msewu m'tauni. Ife tinazolowera moti tikangoona mlendo akumwetulira tinkati, "Ameneyu chakudya chamadzulo sadya nawo." Nyimbo yoyambira isanathe n'komwe, munthu anali atagona. Apolisi ankabwera, kumuzungulira, kulozaloza, ndipo pofika kumapeto wakupha uja ali m'maunyolo. Sabata yotsatira, wakufa wa sabata yatha palibe ankamutchulanso. Kunkabwera wina watsopano, naye akumwetulira.

Amuna angawo amagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni, yodinda mapepala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma mtima wawo wonse uli pa zisudzo. Kutchalitchi kwathu, chaka chilichonse pa Khrisimasi, mfumu yankhanza ija amakhala ndi iwowo, ndipo akakuwa ana a Sande sukulu amathawira kwa amayi awo. Aliyense ankawayamikira kupatula munthu mmodzi, mayi wawo owabereka. Apongozi angawo amakhala ku Nsanje, ndipo analera ana awo okha ndi khasu bambo atamwalira anawo ali aang'ono. Zisudzo kwa iwo zinali zibwana. Sanaonerepo mwana wawo akusewera ngakhale kamodzi, ndipo nkhaniyo ikatchulidwa ankangoti, "Munthu wandevu zake kumanamizira kuti ndi munthu wina." Amuna anga ankaseka nawo, koma ine ndinkadziwa kuti zimawapweteka. Imvi zinali zitayamba kale, koma ankafunabe kuti mayi wawo awaone tsiku limodzi n'kuvomera kuti mwana wawo ali ndi luso. Zinkandimvetsa chisoni, ngakhale sindinkawauza.

Tsiku lina anabwera kuchokera kuntchito akuyenda mwamatama, tayi ili paphewa. Ine ndinali kukhitchini ndikudula anyezi.

"Amayi, anditenga! Sewero la apolisi lija, ndilimo!"

"Akutengani kukhala ndani?"

"Munthu wofunika kwambiri. Nkhani yonse ya gawo limenelo ikuzungulira pa ine."

Ndinaika mpeni pansi. "Bambo, nkhope yanuyi anthu anaionapo m'seweromo?"

"Ayi, n'koyamba."

"Ndiye mukufa."

"Inu mumakonda kuthamangira kumapeto," anatero, n'kulowa kuchipinda.

Sabata imeneyo m'nyumba mwathu munali sukulu ya imfa. Akaweruka ankayala mphasa pabalaza n'kumaphunzira kugwa, chagada, chafufumimba, cham'mbali. Vuto linali mimba. Munthu wakufa sapuma, koma mimba ya amuna anga inkakwera ndi kutsika ngati ili ndi moyo wakewake. Ntchito yanga inali kuima pambali n'kumanena kuti, "Yagwedezeka," iwo n'kudzuka atakwiya ngati ndaigwedeza ndine. Anakonzanso mawu otsanzikira dziko, aataliatali, okhululukira adani ndi kulangiza ana. Wotsogolera sewerolo atawamva anati wakufa wa m'sewero lake salankhula, amangopezeka.

Anakajambula ku Chinyonga, m'ngalande ina m'mbali mwa munda wa chimanga. Anapita atavala suti yawo ya kutchalitchi, ine ndikuletsa. Anabwerera madzulo suti ili mbuu, malaya ali psuu ndi tomato sosi, miyendo yonse nyerere zitawaluma. Akuti anagona m'ngalandemo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo wotsogolera uja ankangokuwa kuti, "Wakufayo asakande!" Koma nkhope yawo inali yowala ngati achokera ku ukwati.

Anauza aliyense kuti aonere: anzawo a ku ofesi, akulu a mpingo, wometa tsitsi, ngakhale kondakitala wa minibasi imene amakwera m'mawa. Zoti akufa sanauze munthu. Kenako anachita chimene ndinkaopa. Anaitanitsa mayi wawo ku Nsanje, ati abwere adzaonetse maso kuchipatala, tsiku lake n'kulikonza kuti Lamlungu la sewero liwapeze ali kwathu.

"Auzenitu amayi kuti mukufa," ndinawachenjeza.

"Ndikawauza sakhala pansi. Kwathu kunamizira kufa ndi malodza. Asiyeni aone okha luso."

Lamlungulo litafika pabalaza panadzaza. Aneba a mbali zonse analipo, ana awo ali mbwee pansi. Apongozi anakana sofa monga mwa nthawi zonse, anakhala pamphasa pafupi penipeni ndi kanemayo chifukwa cha masowo. Ine mumtima ndinkapemphera kuti magetsi azime. Magetsi amene amazima tsiku lililonse ndikangotereka mphika, tsiku limenelo sanaphethire n'komwe.

Sewero linayamba. Minibasi inaima mu Limbe, chitseko n'kutseguka, ndipo anatsika amuna anga, suti ili bwinobwino, nkhuku ili m'khwapa, akumwetulira mano onse pamtunda. Kenako mayi wa nyumba yoyandikana nafe anagwira pakamwa.

"Mayo! Abambo, kani a sabata ino ndinu?"

Anthu anaphulika kuseka. Apongozi okha ndiwo sankadziwa malamulo a sewerolo. Anasendera pafupi, maso ali tong'o, n'kuwomba m'manja. "Uyo si mwana wanga uyo? Taonani wanenepa!" Amuna anga anandigunda ndi chigongono kuti ndimve.

Pa kanemapo anayenda pang'ono, anakhota pakona, chithunzithunzi cha munthu chinadutsa kumbuyo kwawo, nyimbo n'kulira. Chotsatira tinawaona ali m'ngalande, dzanja limodzi pansi pa chifuwa, pakamwa pali yasa, nkhuku ija ikutolatola pambali. Ndinene zoona, anafa bwino. Mimba sinagwedezeke ngakhale pang'ono. Apolisi aja anafika. Wamtali anawadumpha kupita mbali ina. Wa chipewa anaima kumutu kwawo akudya chimanga chootcha. Anawafunditsa chitenje, ndipo kanthawi kochepa apolisiwo anali ku ofesi kwawo akumwa tiyi, akukambirana za mpira.

Nthawi yonseyi apongozi anali duu. Apolisi atayamba tiyi uja, iwo anamasula duku, anatambasula miyendo, manja kumutu.

"Mwananga ine! Mayo ine, mwananga!"

Sikunali kulira kwa masewera. Kunali kulira kwenikweni kwa kwawo ku Nsanje, kochokera pansi pa mimba, kofika kutsidya kwa msewu. Amuna anga anadzambatuka mbale ya mtedza ili m'manja. "Amayi, ndili pano! Ndine pano!" Apongozi sanacheuke n'komwe.

Ku Nkolokosa nyumba n'zothinana, ndipo kulira kotero sakufunsa kawiri. Posakhalitsa amayi anayamba kulowa pageti zitenje zili m'chiuno, ena atayamba kale kulira ali kumsewu. Atalowa anapeza aneba athu aja misozi ili chuchuchu chifukwa cha kuseka, ena akugubuduzika pansi osatha kulankhula, ndiye anati zoonadi pagwa zovuta. Abambo anayamba kutulutsa katundu monga timachitira pamaliro. Sofa inatuluka, tebulo linatuluka, wina anazula kanemayo pakhoma n'kukaiika pakhonde. Anyamata anathyola masamba n'kukaika pamsewu kuti magalimoto aziyenda pang'onopang'ono. Mayi wina wa kumpingo anayambitsa nyimbo, ndipo wina anali atafika kale ndi mtolo wa nkhuni. Ine ndinkakuwa kuti, "Ndi sewero! Ndi sewero!" koma amayi awiri anandigwira mapewa n'kundikhazika pansi, akuti ndilimbe mtima.

Amuna anga anatuluka panja kuti akafotokoze. Mkulu wina wa mpingo anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani, pepani, bambo. Ndi ndani watisiya?"

"Ndine, koma..."

Mkuluyo anabweza manja ake msangamsanga n'kuwaika m'thumba.

Zinatenga nthawi kuti anthu amvetse. Atamvetsa, ena anaseka, ena anakwiya, makamaka mayi wa nkhuni uja. Ine manyazi anandigwira, mkwiyo pamwamba. Koma anthu obwera kudzakulira sungawathamangitse chimanjamanja, choncho ndinaphika tiyi wa khamu lonselo, malemu akuthandiza kugawa makapu. Sewero linatha kanema ili pakhonde, moti mpaka lero sindidziwa amene anapha amuna anga.

Anthu atabalalika, katundu atabwerera m'malo mwake, apongozi anali pamphasa pawo akumanganso duku ngati palibe chachitika. Amuna anga ananjuta patsogolo pawo. Ine ndinaima pakhomo la kukhitchini, chifukwa yankho lake ndinkalifuna nanenso.

"Amayi, mwatichititsa manyazi. Simunandione kuti ndakhala pompano?"

"Ndinakuona. Maso akudwala, koma mutu uli bwino. Ndimakumva ukutafuna mtedza kumbuyo kwangaku."

"Nanga mumaliriranji?"

"Ndinayamba ndadikira," anatero. "Ndinati mwina abwera mkazi wako wa m'menemo, palibe. Ndinati mwina mbale, mwina mnansi, palibe. Wina akukudumpha ngati chitsa, wina akudya chimanga kumutu kwako, kenako onse akukamwa tiyi. Mwana wobereka ine agone m'ngalande wopanda womulira? Nkhabe! Ndinati ngati m'menemo alibe mwini, kuno ali naye."

"Ndi m'mene seweroli limayendera, amayi. Sabata iliyonse amafa wina, nkhani n'kupitirira."

"Onsewo osaliridwa?"

"Ee."

"Alibe amayi awo?"

Ine mkwiyo uja unandithera pomwepo, chifukwa anthu onse aja ndinawaonera akufa ndikuseka, ndipo funso limenelo linali lisanandifikepo.

Kenako bambo wa imvi uja anafunsa ndi timawu ta mwana wa sukulu. "Koma amayi, ndinasewera bwanji?"

Apongozi anamaliza kumanga duku lija.

"Unagona m'mene anagonera bambo ako tsiku limene ndinawapeza kumunda, dzanja pansi pa chifuwa. Iwe unali kumsana, sunawaone. Sindikudziwa wakuphunzitsa ndani." Anawagwira pamutu, pa dazi pomwe. "Ntchito yako umaidziwa, mwananga. Koma usadzaichitenso ine ndili moyo. Woyamba kugona ndine, iwe udzandilire."

"Chabwino, amayi," anatero amuna anga.