Kambuku wa Pachifuwa pa a Bunthom

A Bunthom a ku Ban Phai ndi munthu wosatha mafunso. Zaka zonse zimene anayendetsa lole ya nzimbe ankatha kuima pamsewu kuti afunse chifukwa chake mlatho aumanga chokhota. Akazi awo, mayi Lamduan, amati anakwatiwa ndi wapolisi wopanda yunifolomu.

Chimene sanachikayikirepo ndi kambuku wa pachifuwa pawo. Ali mnyamata, mmonke wina wokalamba anawatemera kambukuyo ndi chitsulo chosongoka, n'kumuzunguliza ndi zilembo zopatulika, n'kuuzirapo mpweya. Kuyambira tsikulo chilichonse chofuna kuwapweteka chinkathera pakhungu. Lole inagubuduzika nawo, iwo n'kutulukamo akusasa fumbi. Chidakwa china chinawabaya ndi mpeni pachikondwerero, ong'ambika anali malaya basi. Tsutsani ngati mukufuna, ine malayawo ndinawaona.

Khansa sinadzere pakhungu. Inadzera mu fodya amene ankapichira okha. Madokotala a ku Khon Kaen anachotsa chigawo cha phapo lakumanja, ndipo anacheka m'nthiti, kunsi kwa khwapa, pamene panalibe chilembo n'chimodzi chomwe. Atatsitsimuka, a Bunthom anayamikira dokotala wowachekayo kuti ngochenjera, wadzera kuseri kwa nyumba. Kenaka anauzidwa kuti timbewu ta matendawa tatsalira pakati pa chifuwa, ndipo tiyenera kuwotchedwa ndi cheza cha makina, tsiku ndi tsiku, kwa masabata angapo.

Woyendetsa makinawo anali mtsikana wina dzina lake Ploy. Anatenga cholembera n'kuika timitanda tolozera pomwe cheza chidzalowere. Kamodzi kanagwera pamphuno penipeni pa kambuku.

"Cheza chimenechi chili ndi nsonga?" anafunsa a Bunthom.

"Ayi, malume."

"Nanga chimaboola ndi chiyani?"

"Chimangopyola. Khungu, fupa, chilichonse."

"Ndi kambuku yemwe?"

"Kambuku wanuyo ndi inki, malume. Manja m'mwamba, osagwedezeka."

Makina anazungulira, akulira ngati filiji yakale, n'kuima. A Bunthom anadikira kutentha, kuyabwa, ngakhale kakulasa ngati ka udzudzu. Zii. Mawa lake chimodzimodzi. Sabata inatha akudya mpunga womata ndi papaya wosinjira tsabola ngati mnyamata wa kumunda.

Pabenchi yodikirira anayamba kufunsa anzawo mmodzimmodzi. Mayi wina wogulitsa nsomba zowamba anati pakhosi pakumuwotcha, akungomwa phala. Mkulu wina anatsegula malaya kuwaonetsa khungu litada bii. Aliyense anali ndi umboni woti moto ukumufika, kupatula iwo.

"Zimayamba mochedwa, malume, cha m'sabata yachitatu," anatero Ploy. "Ena amathokoza zikachedwa."

A Bunthom anagwedeza mutu, koma mumtima ankati mwana wadzulodzuloyu kambuku amudziwira kuti. Apa m'pamene anachita mantha, mantha enieni. Ngati kambuku akubweza cheza monga anabwezera mpeni, ndiye kuti timbewu tija tikungokula mwamtendere, mlonda ali pakhomo kutitchinjiriza.

Mphini zotere zimakhala ndi malamulo ake. Lalikulu limene mmonke anawapatsa linali loti asadzadutse pansi pa chingwe choyanikapo chitenje cha mkazi, akadzatero mankhwala onse adzasukuluka. N'chifukwa chake zaka zonse za banja lawo mayi Lamduan ankayanika zitenje zawo pampanda wamunsi, kuseri kwa khola la nkhuku, kumene zinkauma zikununkha zitosi.

Loweruka m'mawa a Bunthom anawapeza akuchapa.

"Amake Noi, tamangani chingwe kuchokera pamtengo wa mango kukafika panyumba. Chapamwamba ndithu."

"Mukufuna kuyanikapo chiyani?"

"Muyanikepo inu. Chitenje chofiiracho."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, thovu la sopo likutsika m'mikono.

"Zaka zonsezi ndanunkha nkhuku chifukwa cha mphaka wanuyo, lero mukumutaya?"

"Wagwira ntchito yake. Koma sadziwa kusiyanitsa mpeni ndi mankhwala."

"Nanga akachoka, akusungani ndani?"

Mayiwo anapukuta manja, n'kukatenga chingwe.

Chitenje chitayanikidwa, a Bunthom anavula malaya. Anaphatikiza manja pachifuwa, n'kupepesa mmonke amene anamwalira kalekale, n'kupepesanso kambuku, motsitsa mawu ngati akutsanzikana ndi mnzawo wa pantchito. Kenaka anaweramitsa mutu n'kudutsa. Madzi a chitenje anawadonthera padazi. Kumwamba sikunagunde, nkhuku zinapitiriza kupalasa. Anaima tsidya linalo akudzisisita pachifuwa, akufuna kumva ngati pasintha kanthu, ndipo mayi Lamduan anatembenukira kubeseni kuti amuna awo asawaone m'maso.

Chapakati pa sabata yotsatira, akudya, mpunga unawaima pakhosi. Anaumeza mokakamiza, misozi n'kutuluka ndi ululu, koma nkhope ili mwee.

"Chalowa, amake Noi. Chikuwotcha."

Mayiwo anakumbukira bwinobwino zimene ananena Ploy za sabata yachitatu, popeza tsikulo anali pomwepo. Anangonyamuka kukatereka phala la mpunga.

M'mawa mwake anatsika basi moyang'anana ndi chipatala. Msewu wa pamenepo ndi woipa, njinga zamoto zimangotulukira paliponse, ndipo a Bunthom ankauwoloka osacheuka, akazi awo akuwathamangira pambuyo ndi chikwama. Tsikuli anafika m'mphepete n'kuima. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Mpata unapezeka, iwo osasuntha.

"Tichedwa," anatero mayi Lamduan.

"Anthu wamba mumawoloka bwanji apa?"

Mayiwo anasamutsira chikwama kudzanja lamanzere, n'kuwagwira pamkono.